Kuchingamira Nkhonya

Anthu ambiri akaona munthu wogwira mapadi amaganiza kuti ntchito yake ndi yongoimika manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, mnzake n'kumamenya. Ngakhale ena okonda nkhonya amaganiza choncho, ndipo kuwatsutsa n'kungotaya malovu. Mapadi ndi tizikopa tokhuthala tomwe munthu amavala m'manja kuti woponya nkhonya azimenyapo pokonzekera. Koma wovalayo ndiye amamva zonse. Kulemera kwa chibakera, changu chake, ndi tsiku limene chayamba kufooka, zonsezo zimafika koyamba m'manja mwa wogwira mapadi, dokotala asanadziwe, mwini chibakera asanadziwenso.

Mu holo ya pamwamba pa sitolo ya matayala, wogwira mapadi ankangomutchula kuti Zikhatho. Masana ankakonza masofa ndi mipando ya galimoto m'kashopu kake kuseri kwa msewu, dzuwa likapendeka n'kukwera masitepe kukagwirira mng'ono wake, Singano. Zikhatho nayenso paunyamata anayesako nkhonya, koma mphuno itathyoka kachiwiri anavomereza kuti Mulungu anamupatsa manja olandira, osati opereka. Mapadi oyamba anasoka yekha ndi chikopa cha mpando wa basi yakufa. Mng'ono wakeyo n'kuti ali wowonda ngati chingwe choyanikapo zovala, koma dzanja lake lamanzere linkalowa n'kutuluka mofulumira ngati singano ya makina, ndipo dzina linachokera pomwepo.

Nkhonya yosalipidwa ili ndi ulemu wake. Zigawo zimakhala zitatu zokha, magolovesi onenepa, ndipo woyimbira amakhala ngati mayi wa onse awiri: akangoona wina akudzandira amalowa pakati n'kuyamba kuwerenga. Chofunika n'kukhudza mnzako poyera oweruza akuona, n'kuchokapo asanabweze. Pa zimenezi Singano analibe mnzake. Anapambana m'maholo a sukulu, m'makampu a asilikali, kenako m'mipikisano ya dziko lonse, mpaka dzina lake linatuluka pa anthu opita ku Olimpiki.

Zikhatho sanapite nawo. Timu ya dziko ili ndi aphunzitsi ake a masatifiketi, ndipo wokonza masofa ndege imangomudutsa pamutu. Anaonera pa wailesi yakanema yobwereka, ataikhazika pa sofa ya kasitomala yomwe inali isanavekedwe nsalu, shopu itadzaza anthu mpaka pakhomo. Amene analipo amati nthawi yonse manja ake anali m'mwamba, akulandira nkhonya zoponyedwa kutsidya kwa nyanja. Singano anapambana koyamba, napambananso kachiwiri. Kachitatu, pomwe kupambana kukanamupatsa mendulo, oweruza anagawanika ndipo dzanja lomwe linakwezedwa linali la mnzakeyo. Anabwerako ndi jekete ya timu yokhala ndi mphete zisanu pachifuwa, komanso dandaulo limodzi lomwe mkulu wake analisunga mumtima ngati mphatso.

"Kumene kuja amagwira mapadi ngati anyamula mazira, achimwene. Wogwira ngati inu kulibe."

Chaka chotsatira analowa nkhonya yolipidwa. Uko kulibe mayi. Malaya amavula, magolovesi amachepa, zigawo zimafika khumi ndi ziwiri, ndipo woyimbira amangokhala ngati mlonda wa pageti, woona kuti malamulo akutsatidwa basi. Singano anaphunzira kuima n'kumenya molemera m'malo mongokhudza n'kuthawa. Dzanja lamanzere linkatsegula njira, lamanja n'kumaliza nkhani. Anapambana kambirimbiri, anatenga lamba wa ukatswiri wa m'dera lawo, anakwatira mphunzitsi wa pulayimale, nabereka mwana wamkazi. Nthawi yonseyi pakona pake pankaima mkulu wake, thaulo paphewa, botolo la madzi m'manja.

Ndiye kunabwera nkhonya ina yoteteza lamba, yolimbana ndi munthu wamfupi wojintcha amene ankamutcha Chitsa. Munthuyo ankamenyedwa ngati thumba koma osabwerera m'mbuyo. Singano anapambana, inde, koma atalowa m'chipinda chovalira anasanza, n'kufunsa kawiri konse ngati lamba akadali wake. Anapuma miyezi ingapo. Atabwerera mu holo ankaoneka bwinobwino, nthabwala zili zomwe zija.

Zikhatho anazimva tsiku loyamba lomwelo. Lamanzere linafika monga mwa masiku onse. Lamanja linachedwa. Kunali kachedwedwe kakang'ono koti diso silingaone, ndipo chibakera chinkaperewera pang'ono, ngati kutalika kwa chala. M'malo molira kuti tha, padi inangoti fu. Singano anakwinya nkhope n'kuyang'ana golovesi yake ngati yamunamiza. Anaponyanso, ndipo ulendo uno dzanja la Zikhatho linapita lokha kutsogolo kukachingamira chibakeracho panjira. Tha! Phokoso linagunda malata. Singano anamwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko n'kumene kunawononga zonse.

Tinene zoona, wogwira mapadi aliyense amachingamirako pang'ono, apo ayi zigongono ndi mapewa zimatha msanga. Zikhatho anadziuza zomwezo. Anadziuzanso kuti ndi dzimbiri la kupuma, litha sabata ya mawa. Silinathe. Lamanja linkachedwerachedwera, iye n'kumachingamira patsogolo pang'ono, molimba pang'ono, mpaka anafika pomenya golovesi ya mng'ono wake ndi padi kuposa mmene golovesiyo inkamenyera padi. Ankachita mwaluso moti palibe anaona. Phokoso linakula kuposa kale lonse, ogulitsa matayala pansi ankadandaula kuti sakumvana ndi makasitomala, ndipo anyamata a mu holo ankasiya matumba omwe ankamenya n'kuzungulira kuti aonere. Zikhatho ankamukonda mng'ono wake, ndipo ankaopa nkhope ija yoyang'ana golovesi. Panalinso china chomwe sankafuna kuchiganizira: Singano akasiya nkhonya, iye adzatsala wokonza masofa chabe.

Wokonza mipikisano anali bambo wina wa mawu okoma amene ankamutcha a Mafoni, chifukwa m'manja monse muwiri simunkasowa foni. Ankabwera ndi alendo kudzamvetsera phokosolo, n'kumajambula, n'kumatumiza uku ndi uku. Tsiku lina anabwera ndi nkhani. Kunali mnyamata wina wongotuluka kumene, wosagonjapo, ndipo anthu ake ankafuna kuti akumane ndi munthu wa dzina, wopitako ku Olimpiki. Wopambana adzamenyera lamba wamkulu. Singano anavomera a Mafoni asanamalize n'kulankhula komwe. Mendulo ija inamuphonya ndi nkhonya imodzi, ndipo zaka zonsezi ankayenda ndi kabowo kake mumtima.

Patapita masiku, mkazi wa Singano anatulukira kushopu akuchokera kusukulu, choko chikadali m'zala. Anakhala pamphepete pa sofa yong'ambulidwa n'kuyamba kufotokoza motsitsa mawu. Anati mwamuna wake masiku ano amatenga nthawi kumanga mabatani a malaya. Kiyi amalasa pambali pa loko kawiri katatu asanalowetse. Dzulo lake kapu inamupulumuka m'dzanja lamanja, iye n'kuseka kuti sopo ndiye woterera.

"Alamu, ine ndimangomuona kunyumba. Inu mumamugwira m'manja tsiku ndi tsiku. Ndiuzeni ngati ali bwino."

Zikhatho anali ataluma timisomali pamilomo, ndipo anatichotsa kamodzikamodzi, mosafulumira. Kenako anafunsa ngati mlamu wakeyo sanamve mmene mwamuna wake akumenyera, mpaka a matayala kudandaula.

"Sindinafunse a matayala," anatero mayiyo.

Anadikira yankho, koma Zikhatho anali atabweza timisomali pakamwa. Mayiyo ananyamula chikwama chake n'kutsanzika mwaulemu wonse, ulemu womwe unamupweteka Zikhatho kuposa chipongwe. Ntchito sinayendenso tsiku limenelo. Anakhomera nsalu mokhota, naikhomola, naikhomeranso mokhota.

Madzulo ake anakwera masitepe atavala zilimbe. Anamanga mng'ono wake mabandeji, namuveka magolovesi, iye n'kuvala mapadi. Belu litalira anaimika manja pamalo pake, pomwe chibwano cha mdani chimakhala, n'kuwaumitsa pomwepo. Lamanzere linafika, tha. Lamanja linabwera pambuyo, linangopsopsona chikopa. Singano anaponyanso. Fu. Anaponya kachitatu ndi mphamvu zonse, chibakera n'kudutsa m'mphepete mwa padi, iye n'kupepesuka mpaka kugwira chingwe. Mnyamata amene ankalumpha chingwe pakona anaima, chingwe chili lende m'manja.

"Gwirani bwino, achimwene."

"Ndagwira bwino. Lero ndiye ndagwira bwino."

Anamukokera pambali, kuseri kwa matumba, n'kumuuza zonse: za tsiku loyamba lija, za kuchingamira, za phokoso lomwe miyezi yonseyi linali lochokera m'manja mwake osati mwa Singano. Anamupempha kuti nkhonyayi ailepheretse, akapimitse mutu kuchipatala chachikulu. Singano anamvetsera akupuma mwamphamvu, thukuta likugwera pa magolovesi. Zikhatho ankayembekezera kutukwanidwa chifukwa cha bodza. Chomwe sanayembekezere n'chakuti mng'ono wake sakhulupirira.

"Miyezi yonseyi ndimamenya bwino, lero lokha mwaumitsa manja dala, ndiye wodwala ndikhale ine? Akutumani ndani? Mayi a mwana?"

Kenako ananena mawu omwe abale amasungirana zaka zambiri osawatulutsa. Anati mkulu wake sanakhululuke kuti ndege ija inamusiya. Anati manja okalamba ndi a wogwira, osati a womenya. Anavula magolovesi ndi mano, osalola kuti amuthandize, n'kutsika masitepe. M'mawa mwake a Mafoni anabweretsa wogwira mapadi wina, mnyamata wa changu wophunzira ntchito poonera mafilimu a pafoni, amene ankachingamira chibakera chilichonse ngati akupha udzudzu. Phokoso linabwerera mu holo, ndipo aliyense mtima unakhala pansi.

Zikhatho sanakhale pansi. Anapita kwa a Mafoni, iwo n'kumuonetsa pafoni kanema wa mwezi wathawo: Singano akung'amba mapadi, ndipo wogwira wake ndi Zikhatho yemweyo. Anamufunsa mokoma kuti kodi munthu wodwala amamenya chonchi? Anapita kwa dokotala wopima osewera, yemwe anamumvetsera bwino ndithu, koma anati Singano wamuunika kale m'maso, wamuyeza magazi, wamuyendetsa pamzere, ndipo zonse zili m'malo mwake; kuti aletse nkhonya pafunika chooneka, osati zomva m'zikhatho. Nayenso anali ataonako kanema uja. Kulikonse komwe Zikhatho ankapita, ntchito ya manja ake inali itafika kale n'kumutsutsa. Anapita kwa mlamu wake n'kumuyankha funso lija mochedwa. Mayiyo analira, anakangana ndi mwamuna wake mpaka mawu kutha, koma Singano anasamukira ku kampu ya a Mafoni kuti akonzekere mopanda phokoso la kunyumba.

Nkhonya inachitika Lamlungu masana mu holo yaikulu ya mumzinda. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, Zikhatho analowera pakhomo la anthu onse, tikiti m'manja, n'kukhala pampando wapulasitiki pakati pa anthu osamudziwa. Paphewa pake panali popepuka modabwitsa. Thaulo, lomwe wapakona amaponya m'bwalo akaona kuti munthu wake wakwana, linali paphewa pa mnyamata wopha udzudzu uja.

Zigawo zitatu zoyamba Singano anali wa ku Olimpiki uja. Ankazungulira, lamanzere likulowa n'kutuluka, mnyamata wosagonjayo akungomenya mphepo. Anthu anaimirira n'kumaimba dzina lake. Bambo wina wokhala pafupi anamugunda Zikhatho ndi chigongono n'kumuuza kuti akuluakulu aja sakalamba, ndipo Zikhatho anagwedeza mutu, pakuti nayenso kwa kanthawi anafuna kukhulupirira. M'chigawo chachinayi Singano anaima n'kuponya lamanja. Linachedwa monga mwa masiku onse, koma uku kunalibe wolichingamira. Linathera m'malere, chibwano chili poyera. Mnyamatayo anaona. Sanafulumire, anadikira kuti aonenso kachiwiri, atsimikize. Kuyambira pamenepo, lamanja la Singano likangonyamuka, lamanzere la mnyamatayo linkafika kale.

Zikhatho anakuwa kuti aponye thaulo, koma mawu ake anamira m'phokoso. Anayesa kupita kutsogolo, alonda n'kumubweza chifukwa analibe chiphaso cha pakona. Singano anagwa m'chigawo chachisanu ndi chiwiri, nadzuka woyimbira asanamalize kuwerenga, n'kukweza magolovesi kusonyeza kuti ali bwino, monga anaphunzitsidwira ndi mkulu wake ali mwana. Anamaliza chigawocho ali chilili. Anakafika pakona, nakhala pakampando, kenako anatsetsereka pang'onopang'ono ngati malaya ogwa pa msomali.

Anachitidwa opaleshoni ya mutu tsiku lomwelo. Madokotala anati magazi anakhuthukira mkati, ndipo panali zizindikiro zakuti si koyamba. Anakhala nthawi yaitali osatsegula maso, ndipo atatsegula, mbali yakumanja inali yolemera ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi. A Mafoni anabwera kamodzi ndi zipatso. Mlamu sanamunene Zikhatho chilichonse. Ankamupatsa moni, n'kumusunthira mpando pafupi ndi bedi, iye n'kutuluka kukaima pakhonde mpaka mlendoyo atapita.

Singano atatuluka m'chipatala, Zikhatho anayamba kupita kunyumba kwa mng'ono wakeyo dzuwa likapendeka, nthawi yomwe kale ankakwera masitepe. Anakonza mpando wa pabalaza, nauwonjezera thonje kumsana ndi chotsamira mkono wamanja. Za nkhonya sankakamba. Sankadziwa ngati mng'ono wake akukumbukira zomwe zinanenedwa kuseri kwa matumba, ndipo kufunsa ankaopa. Lamba uja anali atachotsedwa pakhoma, koma jekete ya mphete zisanu Singano ankaifuna pamapewa kukazizira, ndipo mkazi wake ankamuveka.

Wophunzitsa odwala kuyendetsa ziwalo anali atasiya malangizo akuti mkono wamanja uzitambasulidwa tsiku lililonse, wodwala azifikira chinthu chomwe chili patsogolo pake. Mlamu ankagwiritsa ntchito kapu yapulasitiki, mwana ankabweretsa chidole. Singano ankayesa kawiri n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lina, mkazi wake atabwera ndi kapu ija, anaikana ndi mutu. Anayang'ana mkulu wake nthawi yaitali, milomo ikufunafuna mawu.

"Manja," anatero.

Zikhatho sanamve msanga. Atamva, anakoka kampando n'kukhala moyang'anana naye, mawondo ali pafupi kugundana. Mapadi analibe. Anaimika chikhatho chamanja chopanda kanthu, pamalo pake pa masiku onse. Mlamu anaima pakhomo la kukhitchini, kapu ikadali m'manja.

Singano anapinda zala. Zinatenga nthawi, ndipo chala chaching'ono chinakana kupindika. Chibakera chinanyamuka pa chotsamira chija chikunjenjemera, chinakwera, n'kuyamba ulendo wake. Chinkabwera pang'onopang'ono moti Zikhatho ankaona mtsempha uliwonse wa pamkono ukulimbana. Chitafika pakatikati chinaima, chikugwedezeka, ngati chigwa. Zikhatho sanaganize n'komwe. Dzanja lake linali litanyamuka kale, likupita kukachichingamira.

"Ayi." Mawuwo anatuluka olemera, koma omveka. Maso a Singano anali pa chikhatho, osati pankhope ya mkulu wake. "Musabwere. Dikirani... pomwepo."

Ndiye kuti ankakumbukira. Zikhatho anabweza dzanja pamalo pake. Misozi inayamba kutsika ndipo analibe chopukutira, pakuti dzanja lina linali litagwira chigongono cha linzake kuti lisasunthe. Pa zaka zonse zomwe analandira nkhonya za mng'ono wake, zina zotupitsa zala mpaka kulephera kugwira singano m'mawa mwake, panalibe yomwe inamuvuta kulandira ngati iyi. Anadikira. Chibakera chinatsika pang'ono, chinakweranso, chinasendera, mpaka mafupa a zala anakhudza pakati pa chikhatho. Sipanamveke phokoso lililonse. Chinali chofunda, chonyowa ndi thukuta, ndipo chinafika chokha.

Singano anatsamira kumbuyo akupuma ngati wamaliza chigawo. Mlamu anaika kapu ija patebulo, nakoka mpando wina n'kukhala nawo pabalazapo.

"Kenanso," anatero Singano.

Zikhatho anaimika chikhatho pamalo pomwe paja n'kudikira.